Fulemuweki Imene Ndinasankha ndi Chaka Chomaliza cha Atate Ako

Chamboli, Kitwe
Lamlungu masana

Tiya mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi iwe utapita kukatsanzika anzako a kukwaya. Sutikesi yako ili pabedi, yotseka kale, ndipo mawa nthawi ngati ino udzakhala uli m'ndege kulowera ku Cape Town. Lachitatu lija tikudya unandifunsa funso. Unati kampani imene yakulemba ntchito ikufuna kumanganso pulogalamu yake yaikulu ya pa intaneti, ndipo iwe udzakhala m'gulu la anthu osankha fulemuweki ndi malaibulale a mbali imene anthu amaiona pa bulawuza. Unati, "Amayi, mukanakhala inu mukanasankha iti?" Ine ndinangoimirira n'kupita kukatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale. Unayesa ndakwiya. Sindinakwiye, Tiya. Ndinachita mantha, chifukwa funso limenelo ndinaliyankhapo kawiri m'moyo wanga, ndipo kawiri konseko ndinalakwa.

Dzina la fulemuweki sindikupatsa. Zimene ndinkadziwa ine zinafa kale, ndipo zimene ukudziwa iwe lero zidzafanso usanamere imvi. Chimene ndili nacho ndi nkhani ya mmene ndinagwera. Zina unaziona uli mwana koma sunadziwe chimene chinali kuseri kwake. Werenga mpaka kumapeto, ngakhale pamene paziwawa.

Ukudziwa kuti ndinayamba ngati kalaliki wolowetsa mayina a antchito m'kompyuta ku ofesi ya mgodi, ndipo kulemba khodi ndinadziphunzitsa ndekha ndi mabuku obwereka. Atatichotsa ntchito, ndinalowa kakampani kakang'ono ka ku Nkana West, m'nyumba yakale ya mabwana a mgodi, ija inali ndi mitengo ya mango kuseri, kumene unkandipeza ukaweruka kusukulu. Tinalipo anthu asanu ndi mmodzi. Ntchito yaikulu imene tinapeza inali ya bungwe lina loyendetsa timakiliniki m'makomboni a Kitwe ndi Ndola, ofesi yake ili ku Itawa, ku Ndola. Ankafuna pulogalamu imodzi yosunga mbiri ya odwala, mankhwala amene apatsidwa, ndi tsiku loti abwerenso. Zonse zizitseguka pa bulawuza, namwino aliyense azitha kulowa pa kompyuta ya kukiliniki kapena pa foni yake. Abwana anandiika ine kukhala mkulu wa mbali ya kutsogolo. Tsiku limenelo ndinabwera kunyumba ndi nkhuku.

Atate ako anali asanasiye ntchito ya pansi pa mgodi nthawi imeneyo. Anandifunsa, pondiitana ndi dzina lako monga timachitira kuno, kuti, "Bana Tiya, fulemuweki imene mukuitchula tsiku ndi tsikuyi n'chiyani?" Ndinawauza kuti ndi zipilala ndi mitanda zimene anthu ena anakonza kale, ife timangomangapo zipinda zathu, ndipo laibulale ndi zinthu zazing'ono zongotenga zopangidwa kale, monga chitseko kapena loko. Anaganiza pang'ono n'kunena kuti, "Nanga amene anaika mitandayo mumamudziwa? Ife pansi paja sitilowa m'njira ngati sitikudziwa amene anachirikiza denga." Ndinaseka. Ndinati za makompyuta n'zina, si miyala.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kudzikuza. Ndinayang'ana mafulemuweki amene analipo, ndinati onsewa ndi olemera, ali ndi zinthu zambiri zimene sitikuzifuna, ine ndilemba yangayanga. Ndinailembadi, ndipo inkayenda. Ndinkanyadira kuti palibe mzere umodzi umene ndinabwereka. Koma sindinalembe buku lofotokoza mmene imagwirira ntchito, chifukwa zonse zinali m'mutu mwanga, ndipo ndinkaganiza kuti mutu wanga udzakhala pa desiki ija masiku onse. Kenako agogo ako anamwalira ku Katete. Ukukumbukira tinakhala kumudzi masabata atatu. Tsiku loika maliro, azimayi tili m'nyumba ya siwa, foni yanga inalira kasanu. Tsamba lolembera mankhwala linali litasiya kutseguka m'makiliniki onse, ndipo anzanga asanu, anthu odziwa ntchito, anakhala masiku awiri akuyang'ana khodi yanga osamvetsa pamene chinthu chikuyambira. Akanakhala kuti akugwiritsa ntchito fulemuweki yodziwika, akanafunsa pa intaneti n'kupeza yankho pa ola limodzi. Koma za fulemuweki yanga akanafunsa yani? Dziko lonse lapansi woidziwa anali mmodzi, ndipo anali atakhala pamphasa ku Katete. Ndinatuluka kuseri kwa nkhokwe n'kumawauza pa foni mzere ndi mzere, bokosi la amayi anga likutuluka m'nyumba. Azakhali ako mpaka lero amandikumbutsa.

Ndiye usaiwale, Tiya. Posankha usafunse kuti iwe ukhoza kuchita chiyani, ufunse kuti anzako adzachita chiyani tsiku limene iwe kulibe. Yang'ana ngati chinthucho chili ndi mabuku omveka, ngati anthu ochidziwa akupezeka m'tauni imene muli, ngati munthu watsopano angathe kukonza kanthu sabata yake yoyamba popanda kukugwira dzanja. Nzeru imene ili mwa iwe wekha ndi msampha, ndipo woyamba kukodwa udzakhala iwe.

Kulakwa kwachiwiri kunabadwa ndi manyazi a koyamba. Nditabwera kumaliro ndinati basi, titaya zanga zonse, titenga fulemuweki ya anthu. Nthawi imeneyo inali itangotuluka ina yatsopano imene aliyense ankaitama. Ndinaonera mavidiyo a anthu akumanga tsamba lonse pa twenti minitsi, manja akuwombedwa. Mtima wanga unagwera pomwepo. Pa msonkhano wa Lolemba ndinalowa nditasankha kale, ndinangobwera kudzalengeza.

Ba Chanda ukuwakumbukira, aja ankakupatsa maswiti a m'kabati yawo. Anali wamkulu kwa tonsefe, munthu wosalankhulalankhula. Anandisiya nditsirize, kenako anati, "Awe mukwai, panono panono. Tisathamange. Titenge tsamba limene ndi lovuta kuposa onse, lija la mbiri ya wodwala, tilimange m'mafulemuweki atatu. Masabata awiri okha. Tikatero tinyamule tikayese ku Mushili pa kompyuta ya anamwino, osati pano. Tifufuzenso kuti eni ake a fulemuweki iyi ndi ndani, ndipo akasintha zinthu amasamala bwanji anthu amene anamanga kale pa zakale." Abwana anayang'ana ine. Ndikanangoti chabwino, masabata awiri si chaka. Koma ndinamva ngati akundikumbutsa za ku Katete pamaso pa anthu. Ndinati, "Ba Chanda, tsobola wakale sawawa. Ngati kuphunzira zatsopano kwakulemerani, nenani, tikupatsani ntchito yosintha inki m'mapulinta." Anyamata anaseka. Ba Chanda anatseka kabuku kawo n'kunena mawu amodzi okha othokoza, "Natotela." Anakhala nafe miyezi inayi, akugwira ntchito imene ndawapatsa osadandaula, kenako anapeza ntchito ku Solwezi. Tsiku lonyamuka anandisiyira pa desiki pepala la mafunso aja, olembedwa bwinobwino ndi dzanja. Ndinaliika pansi pa kapu ya tiyi.

Mwana wanga, m'chipinda chimene mudzasankhiremo mudzakhala munthu mmodzi wonena kuti tiyese kaye. Adzaoneka wotopetsa. Mwina adzakhala wachikulire, mwina Chingerezi chake chidzakhala chokhota. Usamuchititse manyazi. Ndipo ngati munthuyo adzakhala iweyo, anthu n'kukuseka, usatseke kabuku kako msanga monga anachitira Ba Chanda. Kanthu kalikonse kamaoneka kokongola pa tsamba limodzi la chionetsero. Pulogalamu yaikulu ndi masamba mazana, anthu khumi akulemba nthawi imodzi, ndi zaka zambiri zokonza. Yesani pa chinthu chovuta, ndipo lembani pa pepala chifukwa chimene mwasankhira, kuti pakapita zaka wina adzathe kuona ngati chifukwacho chikadalipo. Ine chifukwa changa sindikanatha kuchilemba, chifukwa chinali mkwiyo.

Tinamanga chaka chathunthu. Ndipo poti tsopano ndinali nditatembenuka mtima, ndinkabwereka chilichonse. Tikafuna kalendala, laibulale. Tikafuna tebulo, laibulale. Tikafuna batani lozungulira m'mbali, laibulale. Laibulale iliyonse inkabwera itakoka anzake kumbuyo, ena sitinkawadziwa n'komwe mayina. Ku Nkana West intaneti yathu inali yothamanga, malaputopu athu atsopano, jenereta ili kuseri. Tsamba linkatseguka usanaphethire. Abwana a ku Itawa anabwera kudzaona, anasangalala, tinajambulitsa.

Patapita mwezi, Sisita Mwape, namwino wamkulu wa kukiliniki ya ku Mushili, anaimba foni. Sanadandaule zambiri, anangoti, "Bwerani mudzakhale nafe tsiku limodzi." Ndinakwera basi m'mawa, ndinafika cha m'ma naini hawazi. Mzere unali utatuluka pageti mpaka kukafika pa azimayi ogulitsa tomato. Sisita Mwape anandikhazika pa mpando wawo n'kunena kuti, "Lolesheni, yang'anani nokha." Anadina kuti atsegule tsamba la wodwala. Sikirini inayera, kachizindikiro kaja n'kuyamba kuzungulira. Tinakhala. Mayi amene anali patsogolo pathu anasintha mwana kuchoka kumsana kupita pachifuwa. Kachizindikiro kakuzungulirabe. Kompyutayo inali yakale, intaneti yake ya kamodemu kopachika pawindo, ndipo tsamba langa linkafuna kutsitsa khodi yonse ya pulogalamu, ndi malaibulale ake onse, lisanaonetse ngakhale dzina la munthu. Magetsi atazima anayesa pa foni yawo. Foniyo inatentha n'kutseka yokha bulawuza. Sisita anatsegula kabati n'kutulutsa buku lalikulu la mizere. Anati, "Ife tinabwerera ku ili. Madzulo mtsikana wathu amakopera m'kompyuta yanuyo kuti a ku Itawa asatikalipire. Mwatiwonjezera ntchito, mayo."

Ndinkaganiza kuti manyazi athera pomwepo, koma anali ndi china. Anandionetsa kakhadi ka bambo wina wa matenda othamanga magazi. Namwino analemba m'kompyuta kuti abwerenso pa 4 mwezi wachisanu, koma kapepala kamene kanasindikizidwa kanati pa 5 mwezi wachinayi. Ameneyo anangobwera msanga, n'kubwezedwa. Koma analipo ena amene masiku awo anatembenukira kutsogolo. Mayi wina anapatsidwa mapiritsi a mwezi umodzi, kapepala n'kumuuza kuti abwere patapita miyezi itatu. Anamvera kapepalako, poti kanachokera m'kompyuta. Anthu anabwera naye pa wilibala, mbali imodzi ya thupi itafooka. Sisita Mwape sanakweze mawu. Anati, "Sindikunena kuti ndinu mwamudwalitsa. Matendawa amachita zimenezi. Koma mankhwala anamuthera, ndipo tsiku analipeza pa pepala lanu."

Nditabwerera ku ofesi ndinafufuza. Kanali kalaibulale kakang'ono ka masiku, kamene ndinakatenga tsiku lina masana chifukwa kalendala yake inali yokongola. Pa makompyuta ena kankawerenga mwezi poyamba, tsiku pambuyo, monga amachitira kwawo kwa amene anakalemba. Anthu anali atadandaula kale za vutoli pa tsamba lake, madandaulo ali mndandanda, opanda yankho. Wolemba wake anali munthu mmodzi, ndipo anali atakasiya zaka ziwiri ine ndisanakatenge. Zonsezi zinali poyera. Zikananditengera faivi minitsi kuziona. Dzina la mayi uja ndimalidziwa, ndimalitchula pa Misa, koma sindinapiteko kukamuona. Ndinalibe nkhope.

Kumbukira, Tiya, khodi ya mbali yathuyi siyenda pa makina ako. Imayenda pa foni ya munthu wina, yakale, yodzaza zithunzi, bando ya intaneti ili pafupi kutha. Chilichonse chimene wawonjezera, amene amasenza ndi iyeyo. Usanatenge laibulale, ona kulemera kwake, ona kuti yakoka zingati kumbuyo, ona kuti anaikonza liti komaliza, ona ngati pali anthu oyankha madandaulo kapena ndi munthu mmodzi wotopa. Udzifunse ngati bulawuza payokha singachite ntchitoyo. Ndipo upite ukakhale pa mpando wa munthu amene adzagwiritse ntchito chinthucho, usanamange, osati utamaliza. Ndikubwereza, upite ndi miyendo yako. Anthu ngati Sisita Mwape saimba foni kawiri.

Tsopano ndifike pa chimene chandilemetsa dzanja. Tili mkati mochepetsa kulemera kwa masamba, eni ake a fulemuweki ija analengeza kuti atulutsa mtundu watsopano. Sunali kukonza kwa apa ndi apo. Anasintha maganizo onse, ndipo zimene tinalemba sizikanayenda pa watsopanowo. Ananenanso kuti wakalewo adzasiya kuusamala. Limeneli linali funso lachitatu pa pepala la Ba Chanda. Malaibulale athu anayamba kusamuka mmodzimmodzi kutsatira watsopano, ife n'kutsala pa bwinja.

Apa panali njira ziwiri. Tikanatha kusamutsa tsamba limodzi, kuliyesa, kulipereka kwa anamwino, kenako lina, zakale ndi zatsopano zikuyendera limodzi. Koma nditatsegula khodi ndinapeza kuti malamulo onse a ntchito, kawerengedwe ka mlingo wa mankhwala, masiku a katemera, zoti ndani aloledwa kuona chiyani, ndinali nditawalukira mkati mwa masamba enieniwo, m'chilankhulo cha fulemuweki. Sukanachotsa chimodzi osang'amba chinzake. Ndiye ndinauza abwana kuti tilemba zonse mwatsopano, kamodzi n'kamodzi, miyezi isanu ndi umodzi. Anandifunsa kawiri ngati ndikutsimikiza. Ndinati ndikutsimikiza. Inatenga chaka ndi theka.

Usadzalole zimenezi, mwana wanga. Malamulo a ntchito uziwalemba paokha, m'khodi wamba yosadziwa kuti pamwamba pake pali fulemuweki yanji, kuti tsiku losamuka udzanyamule katundu wako n'kusiya makoma. Laibulale ya eni ake usaimwaze m'mafayilo mazana, uziitana kudzera pa khomo limodzi limene walemba iwe. Ndipo wina akadzaimirira mu msonkhano n'kunena kuti tilembe zonse mwatsopano, miyezi isanu ndi umodzi yokha, udzamuyang'ane bwino. Adzakhala akukhulupirira zimene akunenazo. Inenso ndinkakhulupirira.

Chaka ndi theka chimenecho ndicho chinali chomaliza cha atate ako. Chifuwa chija cha fumbi la pansi chinali chitawagwira kale, ndipo anali atasiya ntchito. Poyamba ankayenda mpaka kumsika, kenako mpaka pageti, kenako mpaka pakhonde pano pamene ndakhala. Iwe unali chaka chachiwiri ku koleji, ukuchokera kunyumba, ndipo ndiwe unkawaphikira phala, kuwatsuka, kuwaperekeza kuchipatala. Ine Loweruka ndinali ku Nkana West. Lamlungu ndikatuluka m'tchalitchi ndinkakwera basi ya ku Nkana West. Ndinkadziuza kuti ndikangomaliza ndidzatenga tchuthi cha mwezi wathunthu, ndidzakhala nawo.

Tsiku lina m'mawa ndikumanga nsapato anandiitana. Anati, "Bana Tiya, khalani pansi pang'ono." Ndinakhala m'mphepete mwa bedi, chikwama chili paphewa. Anati, "Ndikufuna mundiperekeze ku Katete mvula isanayambe. Ndikaone manda a atate, ndikaonenso achimwene. Sabata imodzi yokha." Ndinati, "Bashi Tiya, tatsala pang'ono. Masamba a mankhwala okha ndiwo atsala. Tikapereka ntchitoyi tipita, ngakhale mwezi." Anandiyang'ana n'kumwetulira, kumwetulira kuja ankachita akaona kuti munthu akudzinamiza koma safuna kumuchititsa manyazi. Anati, "Chabwino. Pitani, basi ingakusiyeni." Sanapemphenso. Mvula inabwera, inatha, masamba a mankhwala anali asanathe.

Tsiku lokaonetsa ntchito ku Itawa linali Lachinayi. M'mawa umenewo kupuma kwawo kunali kwa phokoso, ndinakumva ndili kubafa. Iwe unandiyang'ana pakhomo. Ndinati ndibwera ikamakwana fotini hawazi. Tinalowa mu msonkhano teni hawazi, ndinazimitsa kulira kwa foni n'kuiika m'chikwama, chifukwa sindinkafuna chondisokoneza. Chionetsero chinayenda bwino. Masamba ankatseguka msanga, masiku anali olondola, wina anafunsa za malipoti ndipo ndinamuonetsa. Anatipatsa tiyi ndi masikono. Ndinadya, Tiya. Ndinadya sikono, ndikuseka ndi anthu. Nditatulutsa foni panja ndinapeza unaimba kasanu ndi kawiri, ndi uthenga umodzi wa mawu atatu: "Amayi, atate apita." Msewu wa Ndola kubwera ku Kitwe ndinauyenda kambirimbiri, koma wa tsiku limenelo sindikumbukira kanthu, kupatula kuti laputopu ndinaigwira pachifuwa njira yonse ngati ingagwe.

Patapita miyezi inayi, bungwe lija linalandira thandizo kuchokera kunja, ndipo othandizawo anabwera ndi pulogalamu yawoyawo yopangidwa kale. Anatilembera kalata yaulemu yothokoza. Ntchito yathu yatsopano inali itafika m'makiliniki awiri okha. Anaizimitsa Lachisanu lina masana, palibe amene analira. Kakampani kathu sikanakhalitse pambuyo pake, ndipo nyumba ija ya ku Nkana West tsopano ndi sukulu ya mkaka. Mwezi watha ndinatsegula laputopu yakale kuti ndikuonetse zimene mayi ako anamanga, uone kuti sindinali chitsiru nthawi zonse. Inakana kuyenda. Malaibulale ena anachotsedwa pa intaneti, ena sagwirizananso. Ndinayesa masiku awiri iwe uli kutauni kutenga mapepala ako, ndinalephera. Zaka zisanu ndi zitatu za moyo wanga, ndipo palibe tsamba limodzi limene ndingakutsegulire.

Ndiye ukandifunsa kuti usankhe iti, ndinena chiyani? Ukhoza kuchita zonse zimene ndalemba pano, kuyesa, kufufuza, kumvera anzako, n'kupezabe kuti pakapita zaka zisanu eni ake asintha maganizo, kapena abwana ako agula china. Ntchito yathuyi ilibe manda n'komwe, imangozimitsidwa. Atate ako ankatha kuloza chitsulo cha pa shafti ya mgodi n'kunena kuti pansi pa icho ndinagwirapo. Ine ndilibe choloza. Sindikudziwa ngati ndinachita bwino kukuphunzitsa khodi pa tebulo la m'khitchini uli ndi zaka khumi ndi ziwiri. Unkasangalala batani likasintha mtundu, ine n'kumanyada. Lero ndikuona ukupita kutali kukachita ntchito imene inandidya, ndipo ndine ndinakutsegulira chitseko.

Komabe sankha mosamala, chifukwa kusankha mosasamala kumapweteka anthu amene sudzawaona nkhope. Sankha chinthu chotopetsa, chimene chakhala zaka chikugwira ntchito, chimene eni ake amasintha pang'onopang'ono n'kusiya mlatho kwa otsalira. Tenga zochepa. Lemba mayeso a khodi yako kuti tsiku losintha usadzadalire pemphero lokha. Ukalakwa, pita ukanene ndi pakamwa pako kwa munthu amene wamulakwira. Ba Chanda nambala yawo ndili nayo, ndipo chaka chilichonse ndimati ndiwaimbira pa Khrisimasi. Usakhale ngati ine pa zimenezo. Ndipo foni yako, Tiya, usaiike m'chikwama. Msonkhano uliwonse umene udzalowe, ngakhale mutakhala mabwana a dziko lonse, iike pa tebulo sikirini ikuyang'ana kumwamba. Wina akadzakuuza kuti khala pansi pang'ono, uvule chikwama paphewa. Tsiku lopereka ntchito limasunthika, ndinaliona likusunthidwa kakhumi, ndipo palibe amene anafa nalo.

M'thumba la m'mbali la sutikesi ndaikamo korona wa atate ako ndi juzi lawo la buluu. Akuti ku Cape Town kumazizira ndi mphepo ya kunyanja. Ukafika ufunse kumene kuli tchalitchi, usadikire kuti uzolowere kaye. Uzidya. Ukadwala undiuze tsiku lomwelo, usandibisire poganiza kuti ndili ndi zambiri. Ndilibe chilichonse tsopano, masiku anga ndi oyera ngati pepala.

Chatsala chinthu chimodzi, ndipo ndi pempho, si langizo. Zaka zinayi zapita, ndipo sunandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi za Lachinayi lija. Unandilandira pageti, unandilanda laputopu m'manja, unandilowetsa m'nyumba. Koma sunandiuzenso zimene zinachitika m'chipinda muja kuyambira teni hawazi mpaka pamene unalemba uthenga. Inenso sindinafunse. Ndimaopa kuti anandiitana. Ndimaopanso kuti sanandiitane. Iwe wekha ndiwe ukudziwa, ndipo mawa ukukwera nazo ndege.

Kalatayi ndiisiya pamwamba pa sutikesi kuti uiwerenge lero, usadikire kufika. Mawa m'basi ya ku Ndola tidzakhala mpando umodzi kwa ola lathunthu. Ngati ungathe, undiuze, chilichonse chimene chinali, usachikonze kuti chindikomere. Ngati sungathe, usadzikakamize. Ndidzanyamula chikwama chako chaching'ono pamiyendo, ndidzakhala chete mpaka pabwalo la ndege, ndipo sindidzafunsanso.

Mulungu akutsogolere kumene ine sindingafike.

Ndine mayi ako,
Bana Tiya